Batani Lachitatu

Novembala amalowa mu Tartu ngati wodzatenga ngongole,
sagogoda.
Folo koloko isanakwane dzuwa lathawa kale,
mtsinje nkuyamba kuuma m'mphepete
ngati bala lofuna kupola.

Bambo anga, a Endel, ali ndi jasi limodzi,
lotuwa, la mabatani a nyanga,
analigula chaka chomwe ndinayamba sukulu.
Lina salifuna. Ndayesa ndithu.
"Jasi silikalamba," amatero,
"amakalamba ndi mwini wake."

Vuto ndi zovala m'kati.

Mayi anawalukira juzi chaka chawo chomaliza,
ya ubweya wa nkhosa za kuchilumba,
yochindikala ngati buledi wakuda,
yonunkhirabe khola ikanyowa.
Sinalowepo m'jasimo.
Akaiyesa, mikono inkangoti tantha
ngati chidole choopsezera mbalame m'munda,
batani lachitatu nkukana bowo lake,
mayi nkuseka mpaka kugwetsa singano zolukira.
Juzi inapita m'kabati.
Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.

Ndiye Loweruka ndinalowa m'tauni,
tepi yoyezera ili m'thumba,
chipale chofewa chikundilowa m'khosi.
Sitolo yoyamba, majuzi a kolala yaikulu ngati chisa,
oyenera munthu wongokhala pawindo ndi khofi.
Yachiwiri, opyapyala inde,
koma a ulusi uja wothetheka ukamavula mumdima,
wosunga thukuta pamsana mpaka lizizire.
Yachitatu ndinangolowamo kukafunditsa zala.

Kuseri kwa msika kuli kasitolo ka mayi Urve,
magalasi awo ali pansonga ya mphuno.
Anandimvetsera osasiya kuwerenga maso a ulusi.
"Musasake chimodzi chogwira ntchito ya zonse.
Chomwe chimafunditsa si nsalu ayi,
ndi mpweya wotsekeredwa pakati.
Pakhungu, vesiti ya ubweya wosalala, isayabwe.
Kenako juzi yopyapyala, yopanda msoko wotupa paphewa.
Pamwamba pake yopanda mikono,
pakuti nkhondo yonse imachitikira m'khwapa."
Anakulunga zonse zitatu m'pepala la bulauni.
"Akavala, auzeni akumbatire munthu.
Jasi likakoka kumsana, mudzabweze."

Ndinawapeza akusonkha nkhuni m'mbaula.
Anang'ung'udza, koma anavula shati.

Mafupa a m'khosi. Nthiti,
ndinaziwerenga ndisakufuna.
Zachitika liti izi?
Ndimabwera Lamlungu lililonse, ndimabwera ndi supu,
ndimawaona atavala.

Vesiti inalowa. Juzi inalowa. Yopanda mikono ija inalowa.
Ndinawagwirira jasi kumbuyo ngati wa kuhotela,
ndipo linangolendewera,
chibakera changa nkukwana pakati pa chifuwa ndi batani,
chachiwiri nkukwananso.
Tonse tinayang'ana mpatawo.
Mbaula inati the, the.

Sananene kanthu. Anapita kuchipinda
akukhwekhwereza masilipasi,
ndinamva chitseko cha kabati chikulira monga chimalirira,
nabwera nayo atainyamula ndi manja awiri
ngati mwana wogona.
Anaivala pamwamba pa zanga zonse zija.
Mutu unatulukira, tsitsi lili nyankhalala.
Jasi.
Batani loyamba. Lachiwiri.
Zala zawo zinaima pang'ono.

Lachitatu linangoti lowu.

"Waona?" anatero, akusisita pachifuwa.
"Salme sanaphonye muyezo.
Anangofulumira."

Ndinati pali mayeso ena otsala,
anatero mayi a kusitolo.
Anatambasula mikono mwamanyazi,
ine ndinabisa nkhope m'kolala,
fungo la khola, la utsi, la sopo wakale wa m'kabati,
dzanja langa likufufuza kumsana kwawo
ngati nsalu yakoka pena.

Sinakoke.

Lisiti ikadali m'thumba langa, yanyowa, manambala afufutika.
Iwo anavala chipewa,
akuti tikagule nsomba msika usanatseke,
ndipo pasitepe, mphepo itatiwomba kumaso,
anadandaula kuti akumva kutentha.