Lero Ili pa Zingati?

Ku Mayfair kuno moni wathu ndi ameneyu.
Tisanafunsane za ana, za mvula,
za amene wapita m'bokosi pa ngolo ya basi,
timayamba ndi randi: lero ili pa zingati?
Che Bwanali, wosoka mathalauza pakhonde la sitolo,
sayankha ndi pakamwa, muli mapini.
Amangotembenuza foni kuti ndidzionere.

Ndili ndi kabuku ka atate, a Lufeyo Kamtedza,
kachikuto kofiira, konunkha palafini.
Adafika ndi Wenela, nambala pamkono,
chaka chimene paundi ya kuno idang'ambidwa pakati
n'kutulukamo marandi awiri.
Patsamba loyamba adalemba ndi pensulo:
sheleni tsopano akuti teni senti,
tiki sindidziwa apita kuti.

Zitatha zaka khumi, kwathu nako adang'amba yawo.
Paundi imodzi, makwacha awiri,
ndipo khobidi adalowedwa chokolo ndi tambala.
Atate adajambula timizere tiwiri tofanana msinkhu
nalemba pansi pake: mapasa.

Ankati randi idatenga dzina la mtunda uno,
womwewu adaufukula mimba ndi jombolo
mpaka chifuwa chidayamba kuimba mluzu.
Ndege itagwa ku Francistown adabwerera ku Ntcheu
ndi njinga, wailesi, jekete lachikopa
ndi chifuwa chija.
Koma kulemba sadaleke.
Pali tsamba lina adachita kudinda kawiri
kuti kwacha yapitirira mnzake.
Tsiku limenelo akuti adagula fanta ya nyumba yonse.

Kenaka manambala ayamba kunenepa.
Chaka cha mavoti ambiri adaimasula chingwe,
akuti iyandame yokha.
Atate adafunsa m'mphepete mwa tsamba:
adaiphunzitsa kusambira ndani?
Apa pensulo yawo idathera.
Kuyambira pamenepo ndi bolopeni yanga.

Teni. Twente. Makumi atatu.
Fifite.
Usiku wina tidagona ili pena,
kutacha tidaipeza yagwera kuphompho
ngati mbuzi yothawa galimoto.

Ndinene zoona, pakuti kabuku sikanama:
m'mawa umenewo ndidamwetulira.
Njati imodzi ya pepala m'thumba mwanga
idasanduka mtolo wa makwacha.
Tidagundana mapewa pamzere wotumizira ndalama,
maso owala ngati tapambana mpira.
Madzulo mlongo wanga Ziyenda adaimba:
Achimwene, ndalama ndalandira, n'zambiri,
mpaka lamba wa chikwama wakana.
Koma wa feteleza wafufuta mtengo ndili pomwepo,
theka la thumba silikwana.
Sindidayankhe.
Kunja takisi inkaliza hutala, ikuitana a ku Bree.

Nayonso randi si mfumu.
Dola ikatsokomola, imanjenjemera,
mwininyumba nakweza lendi ya kachipinda
kamene timagawana anthu anayi ndi katani.
Walira mvula walira matope, ankatero atate,
koma ife matope tidalandira, mvula sitidaione.

Dzulo mwana wanga Tiyanjane,
wobadwira kuno, wolankhula Chichewa chopindika,
wagwedeza kabuku, kandalama n'kugwa pasimenti.
Wani tambala, yakuda ndi dzimbiri,
tambala wake ali chiimire, mlomo chotsegula.
Adadi, iyi ndi marandi angati?

Ndidatenga foni, ndidagawa.
Padabwera ziro, kadontho, ziro, ziro, ziro,
kenaka kawani kakang'ono kumapeto
ngati munthu woima yekha pa depoti basi itanyamuka.

Ndidamuuza kuti agogo ake adagulapo machesi.
Adaseka, nakaika m'bokosi la mabatani.

Lero m'mawa ndadutsanso kwa Che Bwanali.
Atembenuza foni. Ndalemba.
Kwatsala masamba atatu.