Nambala 9

Chaka chilichonse chimanga cha ku Iowa chikamakhwima
ndimasindikiza mapepala a chikhulupiriro,
mphunzitsi aliyense wa yunivesite ya mpingo wathu lakelake.
Mfundo khumi ndi ziwiri, kunsi kamzere kosainapo.
Ambiri amasaina ali chiimire, khofi kudzanja lamanzere,
ngati akulandira katundu wa ku positi.

Chaka chino a Hostetler anakoka mpando.
Aphunzitsa Chigiriki pano kuyambira ndisanamere imvi.
Anavala magalasi, nayendetsa chala
mpaka pa nambala 9, ya ukwati.
Chala chinakana kupitirira.

"Marlys, uli ndi lula?"
Ndinawapatsa. Anadula mzere woongoka bwinobwino
pa mfundo imodziyo, nasainira zotsalazo.

Tonse tinkadziwa. Mwana wawo Ingrid
anamanga banja ndi mkazi mnzake ku Duluth,
ndipo bambo anamanga tayi, anavina, sanapepese.

Komiti inakumana Lachinayi, ine wolemba.
Abusa Vander Ploeg anagwetsa misozi yeniyeni:
"Mukazula mtengo umodzi, mpanda wonse wagwedera,
ndipo makolo amatituma ana chifukwa cha mpandawo."
Sankanama.
Mayi Okerlund anati: "Mayankho akasainidwa mafunso asanabadwe,
tangotsala ndi kalasi ya katekisimu yokhala ndi laibulale."
Nawonso sankanama.
Manja asanu ndi awiri uku, anayi uko.
Ine ndinangolemba manambala.

Ophunzira ena anayatsa makandulo pa kapinga,
ena anadutsa atayang'ana kumbali.
Lamulungu anaimba nyimbo imodzi
atasiya mabenchi atatu opanda munthu pakati.

Ndisabise: nambala 9 ndimaikhulupirira.
Ine ndi a Hostetler sitinavoterepo munthu mmodzi,
takangana za misonkho, za mfuti, mpaka supu kuzizira.
Koma chaka chomwe mwamuna wanga anagonekedwa m'chipatala
ndani ankabwera ndi fosholo mbandakucha
kudzakankha chipale pakhomo panga,
n'kuchoka ndisanatsegule chitseko?

Mu Disembala anapakira mabuku m'makatoni a nthochi.
Anandisiyira kiyi pa tebulo,
pambali pake lula ija,
yomwe ndinali nditaiwala kuti ndinabwereketsa.

Ili m'kabati, pansi pa maenvulopu.
Chimanga chayambanso kukhwima,
makina akulavula mapepala ofunda,
ndipo limodzi mwa iwo, monga mwa nthawi zonse,
lili ndi dzina langa.