Zenera la pa Mpondabwino

Ndimatsegula sikisi isanakwane,
nkhungu ya kuphiri ikadagona pamalata.
Ntchito yanga ndi ndalama za eni:
kulandira, kudina, kuwerenga kawiri.
Kabuku kanga kali ndi mafuta a mandasi m'makona.

Lachiwiri adabwera Che Likwanya a kabaza,
aja belu lawo limalira ngati chifuwa,
foni pakhutu, thukuta lili kamukamu.
Adayala eyite sauzande pathabwa,
ndalama zonunkha thumba la feteleza
momwe zidagona miyezi inayi.
"Tumiza apa, mwanangu, changu.
Asiyatu wapeza malo kusukulu ya unamwino.
Bwana ali pafoni, akuti ikakwana naini
apatsa wina."

Ndidawamva bwanawo m'kafoni,
mawu osalala ngati mwala wa mu Likangala,
odziwa dzina la mwana,
odziwa ndi nyumba yomwe, ku Sadzi kuseri kwa mzikiti.
Mtima wanga udangoti myu.

Mawu amenewo ndimawadziwa.
Chaka cha namondwe adandiimbira inenso,
amvekere ndife akulikulu, tikukonza makina,
tangotchulani manambala anayi aja.
Ndidatchula.
Anayi okha.
Mpamba wa zaka zitatu udatulukira pazenera lomweli
osagwedeza ndi katani yomwe.
Ndidadya nkhwani wosatendera mpaka Epulo
osauza munthu,
poti manyazi ndiye mlonda wa wakuba.

Adanditsegula maso ndi Mwandida,
mwana wa achemwali, wophunzira ku Chirunga,
usiku wina magetsi atazima.
Bandulo ya ola limodzi, chala chikutsetsereka pagalasi,
masamba a pa intaneti ochenjeza za akathyali,
pomwe obedwa anzanga adasiya mapazi awo
kuti wobwera m'mbuyo aone dzenje.
Akuti wokuthamangitsa ali ndi chimene akuthawa.
Akuti nambala yachinsinsi imakhala pansi pa lilime,
ngakhale wakulikulu weniweni saifunsa.
Dula foni, imba wekha
pa nambala imene waifufuza wekha.
Kulinso kokadandaula, akuti,
ine osadziwa, zaka zonsezi.

Ndidakopera zonse pakatoni ya sopo
n'kukhoma apa, pamwamba pa mitengo ya mayunitsi.
Dzuwa ladya inki.
Anthu amawerenga mitengo yokha.

Ndidati, "Che Likwanya, dulani kaye.
Sukulu siithamangitsa kholo ndi wotchi.
Tiimbe kusukulu konko, mayunitsi ndi anga."
Adandiyang'ana ngati ndaponda mkeka wa swala ndi nsapato.
"Nsanje," adatero.
"Wako adalephera folomu folo."

Zoona, adalephera.

Adatola ndalama zawo, imodzi idagwa, adaitola,
belu likutsokomola mpaka patsidya pa msewu,
pakhumbi la mnyamata watsopano
amene safunsa mafunso.
Ndidawaona pamzere, achitatu.
Ndidawaona akuyang'ana foni,
akuyang'ana kuno,
akuyang'ananso foni.
Kenaka lole ya matabwa idaima pakati pathu,
mayi wa tomato akufuna chenje,
ndipo itachoka, pamzere padali anthu ena.

Lero Lachisanu, sadadutse.
Anzawo pasiteji akuti tayala lidaphulika,
wina akuti ali kumaliro ku Songani,
wina wangoseka, osayankha.
Asiyatu ndidamuona dzulo atasenza ndowa,
sindidathe kuwerenga nkhope yake.

Nambala ya sukuluyo ndaipeza,
ili pakapepala, pansi pa kabuku.
Ndagula cholembera chakuda, chonenepa,
ndikubwereza zilembo za pakatoni
chimodzichimodzi,
dzanja pa D wa Dula,
khutu kumsewu.