Tchaja M'thumba la Mlonda

Madzulo aliwonse ndikamanga zingwe za majombo
ndimatola tchaja patebulo n'kuiponya m'thumba.
Lekani sadzutsa mutu.
"Muyende bwino," amatero, akuuza foni,
zala ziwiri zikuthamangitsa anthu amene sindiwadziwa.

Kuchoka ku Kalingalinga kukafika ku Kabulonga ndimayenda wapansi,
ndipo njira yonse kachingweko kamandigunda pantchafu
ngati kakufuna kubwerera kwawo.
Ndinawerengera kale: batire yake imafa cha m'ma naini.
Ikafa, amatsala ndi buku la masamu,
kandulo, ndi mkwiyo.

Dzinali anam'patsa ndi malume ake, ife tinangoseka.
Lero ndine ndikulifuula pakhomo: Lekani, leka!
Kuitana ndi kuletsa pakamwa pamodzi.

Aphunzitsi a giredi teni anatumiza kakalata,
ati mwana wanu amagona padesiki mpaka dovu pabuku.
Ndalama ya makala inasanduka bandulo.
Makwacha makumi asanu a m'chitini cha shuga
anakagula mfuti yosagwirika ndi manja.
Nditafunsa kuti ili kuti, anandionetsa pagalasi,
yonyezimira, nkhope yake n'kuwala nayo,
moti kwa kamphindi ndinaiwala kuti ndakwiya.

Ine ndimalonda geti ya munthu wina,
agalu awiri, galimoto zitatu, kapinga womwa madzi usiku.
Iye akuti amalonda linga ndi anzake anayi,
wina wa ku Ndola, wina sadziwa n'komwe kwawo.
Tonse tili maso pamene Lusaka ali mtulo.
Kusiyana kwake, ine mwezi ukatha ndimasaina.

Sabata yatha malungo anandigoneka pakhomo.
Magetsi atapita, ndinamumva kuseri kwa katani:
"Iwe dzera kumanzere. Usaope, ndili pambuyo pako."
Mawu okhwima, a munthu amene anzake amamumvera.
Kenako kuseka.
Chimwalirire amayi ake,
kuseka kumeneko sikunamvekepo m'nyumba muno.
Ndinagona chagada, tchaja ili kunsi kwa pilo,
thukuta likutsika, lina la malungo, lina ayi.

Kutacha tinanenerera ngati pamsika wa Mtendere.
Iye anati maola anayi. Ine ndinati limodzi.
Anati nanga Loweruka lonse?
Ndinati ukachapa yunifolomu, ukatunga madzi,
ndikaona masamuwo ndi maso angawa.
Tinathera pa maola awiri,
aliyense akudziona kuti waberedwa.
Ndiye anafunsa, maso ali pansi,
"Nanga inu, kubetcha mpira kuja?"
Ndinakhosomola. Ndinayang'ana malata.
Pakalendala ya kugolosale tinalemba mizere iwiri,
wake pamwamba, wanga pansi,
ndipo wangawo anaulemba yekha, ndi zilembo zikuluzikulu.

Usiku uno tchaja ndaisiya patebulo.
Thumba lapepuka, koma dzanja likungopitako
ngati lilime pamene panachoka dzino.
Mphepo ya Julayi yapeza pong'ambika pa jekete.
Naini yakwana.
Yadutsa.
Kaya wazimitsa, kaya akadali kuteteza wa ku Ndola uja,
sindidziwa, ndipo sindimuimbira.
Foni yanga nayo ili chafufumimba pabenchi,
timu yanga ikusewera popanda ndalama yanga.

Galu wamkulu wabwera kudzagona pamajombo anga.
Ndaima, ndayang'ana cha kwathu
pamwamba pa mpanda ndi mawaya ake,
ndikufunafuna zenera limodzi laling'ono,
ngakhale ndikudziwa bwino lomwe
kuti kuchokera pano silioneka.