Ngodya ya Nambala Seveni

Mphepo ya m'chigwa cha Ebro ikamamenya malata
ngati munthu womanidwa malipiro,
ine ndimakhala ndalowa kale, khofi ali m'manja,
ndikumvetsera lamba.

Kuno ku Zaragoza makatoni sagona.
Amatsika usiku wonse:
nsapato zopita ku Bilbao, mababu, chakudya cha amphaka,
onse pamzere umodzi, palibe wodziwa mnzake.

Amparo wa mu ofesi amati vuto limayamba belu likalira.
Ayi, Amparo.
Belu ndi mthenga wa maliro chabe,
matenda amakhala atayamba kale:
tepi imene inamatuka pakamwa pa katoni,
pansi ponyowa chifukwa lole inadontha m'njira,
rola imodzi imene inaleka kuzungulira Lachiwiri
koma ikunamizira ntchito pakati pa zinzake.

Pa ngodya ya nambala seveni pali diso,
kagalasi kofiira, kochepa ngati chikhadabo,
koponya kuwala kutsidya kwa lamba.
Katoni ikafika, mdima. Ikadutsa, kuwala.
Mdima, kuwala, mdima, kuwala.
Mdimawo ukapitirira masekondi anayi
diso limauza injini kuti iime.
Koma diso nalo limachita ng'ala.
Fumbi la makatoni limatera mwakachetechete ngati phulusa,
ndiye ndimayenda ndi kansalu m'thumba,
kupukuta maso makumi atatu ndi awiri
ndisanapukute anga.

Ine langa ndi khutu.
Lamba wathanzi amalira mawu amodzi.
Akayamba kutsokomola, kwe, kwe, kwe,
ndimadziwa kuti katoni ina yapendekeka,
yatsamira chitsulo cha m'mbali,
ndipo m'mbuyo mwake mukubwera makatoni makumi asanu
osadziwa kubwerera.

Lachinayi lapitali zinachitika.
Katoni ya mafuta a maolivi inapingasa,
yotsatira inakwera pamsana pake,
yachitatu inaphwanyika mphuno,
mulu unakula ine ndikuona.
Fermín, mnyamata wa masabata awiri pantchito,
anathamanga dzanja lili patsogolo.
Ndinamugwira kolala.
Sindinakalipe. Ndinangomuonetsa chala changa chapakati
chimene chinathera pa mfundo yachiwiri
chaka chimene mwana wanga Itziar anabadwa.
Batani lofiira kaye. Loko pa swichi.
Kiyi m'thumba mwako, osati mwa mnzako.
Dzanja pambuyo.

Tinachotsa makatoni khumi ndi atatu.
Mphindi zisanu ndi zinayi zinapita, Amparo anazilemba.
Pansi pa zonse tinapeza wolakwa:
kachingwe kapulasitiki kokulungika pa rola,
kosakwana n'kumangira nsapato komwe.

Kutacha ndinachepetsa liwiro la lamba wolowetsa katundu,
pang'ono pokha,
kuti pakati pa katoni ndi inzake
pakhale mpata wa dzanja limodzi.
Amparo anati mpatawo ndi ndalama yotayika,
tikunyamula mphepo mwaulere.
Ndinamuuza kuti adzawerenge pakutha pa mwezi.

Mpata wa dzanja limodzi.
Ndakhala ndikuuganizira m'basi ya sikisi koloko,
titathithikana, chigongono cha wina m'nthiti mwanga,
aliyense akukankha wa patsogolo
ngati ndiye watseka msewu.
Itziar sanandiimbire foni chipitire Khirisimasi.
Ndinamukankha kwambiri, ndikudziwa,
za sukulu, za mnyamata wa njinga yamoto uja,
mawu pamwamba pa mawu
mpaka anapingasa.
Pano ndazimitsa injini. Kiyi ali m'thumba.
Dzanja sindinalowetse.

Usiku uno ngodya ya seveni ikuyenda bwino.
Kunja mphepo idakalimbana ndi malata.
Fermín wagula kansalu kakekake, kachikasu,
ndamuona atagwada, lilime lili panja,
akupukuta diso limene ndapukuta kale.
Sindinamuuze.