Chofufutira

Mu ofesi mwathu, pamwamba pa sitolo ya simenti pa boma la Mchinji,
chimene chimatha msanga si shuga wa tiyi.
Ndi chofufutira pabolodi.
Chaka chino chokha tagula zinayi.

Pulogalamu ija ndinailemba miyezi khumi ndi inayi,
usiku, jenereta ikutsokomola kuseri,
udzudzu ukundidya m'zidendene.
Inali yokongola, ndisaname.
Mitengo ya soya ndi mtedza inkatsetsereka pagalasi,
mapu obiriwira,
kabatani kooneka ngati khasu.
Ndinakaonetsa mkazi wanga monga aonetsera khanda lotuluka m'chikuta.

Ndiye Mwatitha anakwera njinga yamoto kupita ku Mkanda.
Mwatitha, wa miyezi itatu pantchito,
amene amandipatsabe moni atagwira mkono.
Anabwera madzulo, fumbi mpaka m'nsidze,
nati: Achimwene, mwa alimi makumi anayi
mafoni agalasi ndapeza atatu.
Ina ndi ya aphunzitsi.
Ina ili ndi mwana ku Lilongwe.
Yachitatu imangokoka netiweki ya ku Zambia.
Ena onsewo ndi timabatani tomanga ndi mphira,
ndipo Mayi Nazimbiri ati ndikufunseni
ngati khasu lanulo limalima.

Palibe anaseka.
Bola akanaseka.

Lachisanu lililonse timakokera mipando pabolodi,
aliyense kubwera ndi chimene walakwitsa sabata imeneyo.
Amayamba ndi a Msungama, eni kampani.
Tsiku limenelo anavula magalasi nati:
Ine ndinalonjeza opereka ndalama
ndisanapondeko m'munda mwa munthu.
Atatero anandipatsa chofufutira,
poti kuno ntchito ya mnzako sufufuta.
Umafufuta yako, ndi dzanja lako, anzako ali pomwepo.

Ndinayambira kumanzere.
Inki yakale imakakamira,
ndinachita kunyowetsa ndi madzi a m'botolo,
ndipo mizere ina inatsalabe, mbuu,
ngati mphini pankhope ya munthu wokalamba.

Malume anga ankakonza mataipi kuseri kwa positi ofesi.
Kompyuta itafika anati ndi mphepo chabe, ipita.
Anamwalira akudikira,
zitsulo zawo zili m'chitini chamkaka, zopaka mafuta bwinobwino.
Ndinawakumbukira dzanja langa lili m'mwamba,
ndipo sindinawaseke ayi.
Munthu amakonda chimene wachigonera ndi njala.

Chatsopanocho tinachimanga masabata atatu.
N'chosaoneka bwino:
nyenyezi, manambala atatu, kenako kampanda kaja,
mawu akuda pakagalasi kosaposa bokosi la machesi.
Koma pa Kamwendo, mu Meyi,
venda ataika sikelo yake pamtengo n'kutchula mtengo,
Mayi Nazimbiri anatulutsa foni m'chilundu,
anadina, anawerenga,
anakwezanso thumba panjinga.
Venda anawathamangira mpaka pamseu.

Sikuti timangofufuta chilichonse.
Lipenga, wosunga ndalama, amatikumbutsa za pusi
amene anati ichi chakoma, ichi chakoma.
Mwezi watha anakana makina atsopano amene tonse tinawasirira.
Anangofunsa kuti: Wawapempha ndi mlimi uti?
Tinayang'anana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Dzulo Mwatitha wabwera kuchokera ku Kapiri ali zii.
Akuti theka la amayi kumeneko sawerenga,
amadikira ana aweruke kusukulu kuti awawerengere mtengo,
pamenepo venda atapita kale.
Akufuna foni yolankhula.
Manambala atatu aja anali nzeru zake,
dzina lake lili pamwamba pake.
Mawa ndi Lachisanu.
Ndamuona akuyang'ana bolodi nthawi yankhomaliro,
chimanga chootcha chikuzizira m'manja.

Sindimuuza kuti sizipweteka.
Yanga ija ndinaisunga pa fulashi, m'thumba la jekete,
ndipo magetsi akakhalapo usiku
nthawi zina ndimaitsegula n'kudina kakhasu kaja.
Ndatsika kusitolo ya a Jumbe.
Ati zofufutira zatha, zibwera Lolemba,
ndiye ndang'amba malaya anga akale.