Malo Amene Ndagonamo

Kwa mneneri ku Manjawira ndinkagona chokhala,
unyolo kumwendo, msana kumtengo wa mbawa.
Ankati chiwanda chimathawa njala,
koma patatha masiku asanu ndi anayi
chimene chinathawa ndi mnofu wanga wokha.
Mawu aja anatsala m'mutu,
anaphunzirako ndi nyimbo za kwaya.

Ku Zomba kunali bedi, bulangete la nambala,
mpanda woti khosi limatopa pouyang'ana.
Dokotala anatchula dzina la nthenda yanga,
sikizofireniya,
lalitali ngati sitima ya katundu.
Jakisoni anatontholetsa mawu,
anatontholetsanso ine:
khosi gwa, dovu chuchuchu,
dzanja njenjenje, tiyi kuthera pamalaya.
Palibe anandimenya.
Palibenso anandifunsa
ngati kabichi ndinasiya kudimba uja anakulunga mitu.

Miyezi iwiri ndinagona pakhonde la golosale pa Lizulu
nditathawa aliyense.
Za kumeneko sindinena zambiri.
Chisanu cha Juni chinawerenga nthiti zanga zonse,
ndipo ana a sukulu saphonya akagenda.

Tsopano ndili kwa mlongo wanga Esinati ku Biriwiri,
m'kachipinda kosungiramo mbewu ya kachewere.
Lachiwiri loyamba la mwezi timakwera kabaza wa ku boma.
Mwezi wina a Nangozo, anamwino aja,
amangotambasula manja:
mankhwala atha, mudzayesenso sabata yamawa.
Sabata imeneyo imatalika.
Mawu amabwera ngati angongole,
amaima pazenera, kunditchula ndi dzina la bambo anga lomwe.
Alamu amabisa chikwanje kunsi kwa bedi
poyesa kuti sindikuona.
Kumanda adzukulu sandipatsira khasu.

Koma dzulo
Esinati, akuthamangira mbuzi zolowa m'munda mwa eni,
anandisiyira mpeni osacheuka n'komwe:
"Lufeyo, tasenda mbatatesizo, mwanayo uzimuona."

Mpeni m'dzanja langa.
Mwana atatsamira mwendo wanga,
kachala kake kakutsata chipsera cha unyolo.
Ndinasenda pang'onopang'ono,
makoko opyapyala ngati mapepala a m'Baibulo.
Mawu ankanong'ona chapatali
ngati wailesi ya aneba yotha mabatire.
Sindinawayankhe.
Ndinali ndi ntchito.